Netiweki Yathawa, Sikelo Ikuba: Kodi Makina Atsopanowa Akutumikira Yani?

Amene mudafikako ku Area 2 mumzinda wa Lilongwe nyengo yokolola mukudziwa mmene kumakhalira. Kukangocha, msewu wa Malangalanga umadzaza ndi malole, maminibasi, njinga za kabaza ndi anthu osenza matumba pamutu. Wina watsika ndi soya wa ku Mitundu, wina mtedza wa ku Nsundwe, wina nyemba za ku Dedza, wina kachewere ndi anyezi a ku Ntcheu. Ndiwo zambiri zimene zimakaphikidwa m'nyumba za mipanda ya njerwa ku Area 10, Area 12 ndi Area 43 zimayamba zaponda kaye fumbi la pakati pa depoti ya mabasi ndi msika waukulu.

Mukaima pamenepo n'kuyang'anitsitsa muona makina a mitundu iwiri. Oyamba ndi mafoni a m'manja. Ali mbwee pa mabenchi, atsopano ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo paliponse pali ambulera ya wotumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Achiwiri ndi sikelo ya mbedza, ija yopachika pa mitengo itatu, yomwe makolo athu adailira ndipo ife tikuilirabe.

Mayi wina wa kalabu yathu ina adabwera kumeneko ndi matumba asanu a soya. Asananyamuke kumudzi adayeza pa sikelo ya kalabu, thumba lililonse makilogalamu 50. Atafika m'tauni, sikelo ya wogula idati ili 46, ili 47. Mayiyo atadandaula, yankho lidali lakuti: "Mayi, ngati simukufuna, nyamulani katundu wanu." Anyamule apite naye kuti, ndalama ya galimoto atalipira kale? Adagulitsa. Wogulayo adatulutsa foni, n'kudina, ndipo mphindi imodzi isanathe uthenga udalowa pa foni ya mayiyo kuti ndalama zafika.

Foniyo sidaname. Idatumiza ndendende ndalama zimene idauzidwa, mwachangu, osasowa ngakhale tambala imodzi. Koma idatumiza ndalama za soya wobedwa kale pa sikelo. Nkhani yathu lero yagona pamenepo. Zaka zapitazi takhala tikuuzidwa kuti makina atsopano athetsa mavuto a mlimi. Ife sitikana makina. Funso lathu n'lakuti: makinawo ali m'manja mwa yani, ndipo akulondera yani?

Kuchoka pa sitata paki kufika pa chiphaso

Tiyeni tikumbutsane kumene tachokera. Mu 1998 boma la a Bakili Muluzi lidayambitsa sitata paki, kaphukusi ka feteleza ndi mbewu kokwanira gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala. Pambuyo pake ndondomekoyi idachepetsedwa kuti izifikira osankhidwa okha. Mu 2002 kudagwa njala yomwe akuluakulu aife sadzaiwala, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa chaka cham'mbuyo mwake.

Mu 2005 boma la a Bingu wa Mutharika lidabweretsa makuponi. Thumba la feteleza tinkagula K950, ndipo pofika 2009 mtengo udatsika kufika pa K500. Mvula itathandizapo, chimanga chidachuluka mpaka mu 2007 dziko lino lidagulitsa china ku Zimbabwe. Koma makuponi adabwera ndi matenda awo. Kudabadwa midzi yongopeka, maina a anthu omwalira adadzuka n'kulandira feteleza, makuponi achinyengo adasindikizidwa, ndipo m'midzi yambiri thumba limodzi tinkagawana mabanja awiri kapena atatu kuti pasakhale udani.

Mu 2017 nthambi ya boma ya kalembera idalemba anthu m'dziko lonse ndi kupereka ziphaso za unzika. Mu 2020 boma la a Lazarus Chakwera lidathetsa makuponi a pepala n'kuyambitsa ndondomeko ya AIP. Tsopano mlimi ankangopita ndi chiphaso chake, kalaliki n'kuchiunika ndi foni, dzina n'kutuluka pa makina. Chaka choyambacho thumba lidali K4,495 ndipo mabanja opindula adaposa 3 miliyoni ndi theka. Chaka chotsatira thumba lidafika pa K7,500, ndipo mu 2022 lidafika pa K15,000. Chiwerengero cha opindula nacho chidatsika chaka ndi chaka mpaka kufika cha m'ma 1 miliyoni mu 2024. A Peter Mutharika atapambana chisankho cha pa 16 September 2025, dzina lakale lija la FISP lidabwereranso.

Taonani: maboma asintha, maina asintha, mapepala asanduka makina. Chimene sichidasinthe n'chakuti mlimi amamva zonsezi pa wailesi zitagamulidwa kale ku Capital Hill, makilomita ochepa chabe kuchokera pamene mayi uja adaberedwa soya.

"Dikirani, netiweki yathawa"

Tisabise chilungamo. Chiphaso cha unzika chidathandiza. N'kovuta tsopano kuti munthu apeke mudzi wonse m'buku monga zinkachitikira kale, ndipo womwalira savuta kumuzindikira ngati kaundula akusamalidwa. Ena mwa ife tidagwirapo ntchito ya ulangizi nthawi ya makuponi ndipo tikudziwa mutu umene unkatiwawa pamene mfumu, komiti ya chitukuko ndi andale ankakokana pa mndandanda umodzi.

Koma ndani mwa ife adaiwala dzinja la 2020? Mawu akuti "netiweki yathawa" adalowa m'chilankhulo chathu ngati dzina la matenda. Amayi ankagona pa malo ogulitsira feteleza masiku awiri, atatu, ana kumsana, mvula ikugwa, chimanga kumunda chikudikira. Feteleza ali m'nyumba momwemo, tikumuona pa zenera, ndalama zili kumpango, chiphaso chili m'manja, koma kalaliki akungokweza foni m'mwamba kusaka netiweki. Ndipo pamene pali mzere wautali, pamabadwa katangale. Netiweki yomwe idathawira gogo wa ndodo inkapezeka msanga pa munthu wopereka kangachepe kuseri kwa nyumba.

Vuto lina lidali loposa pamenepo. Alimi ena atafika pa zenera ankauzidwa kuti makina akuonetsa kuti adagula kale, iwo asanalandire ngakhale kambewu kamodzi. Ena maina awo adangosowa. Apa ndipo pamaoneka kusiyana kwa pepala ndi makina. Kuponi ikakhala m'thumba mwako, unali ndi umboni woonetsa kwa mfumu, kwa mlangizi, ngakhale ku polisi. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Dzina lomwe lili mu kompyuta ya ku likulu, iwe osaliona, osatha kulikonza, ndi fodya wapachala. Ukadandaula kwa kalaliki, akuti si ine ndi makina. Ukapita kwa mlangizi, akuti mndandanda udachokera kumtunda. Mlimi amasowa mtengo wogwira chifukwa makina alibe khomo lomwe ungakagogode.

Ndipo tisaiwale za nthawi. Chimanga sichidziwa za bajeti. Feteleza wokulitsa amafunika pobzala kapena chimanga chikangomera, wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi chimere. Thumba lofika mu February, chimanga chitamasula kale, ngakhale litabwera ndi makina okongola chotani, ndi ndalama za misonkho zotayidwa m'madzi.

Feteleza wa ku butchala

Mu 2022 dziko lino lidamva nkhani yomwe poyamba ambiri tinkayesa nthabwala za pabawo. Ndalama zokwana K750 miliyoni za feteleza wa AIP zidalipidwa ku kampani ya ku Britain yotchedwa Barkaat Foods, yomwe ntchito yake yodziwika idali ya nyama. Feteleza sadabwere. Mu October chaka chomwecho Pulezidenti Chakwera adachotsa nduna ya zamalimidwe a Lobin Lowe pamodzi ndi wachiwiri wawo.

Alimi anzathu, taganizirani bwino. Kuti mlimi wa ku Malingunde agule matumba awiri, ayenera kulembetsa, kuonetsa chiphaso chokhala ndi chithunzi chake, kuunikidwa ndi foni, ndi kudikira kuti kompyuta ya ku Lilongwe ivomereze. Koma kuti K750 miliyoni ituluke m'dziko, padalibe makina omwe adaima n'kufunsa kuti kodi kampaniyi idagulitsapo feteleza chiyambire? Mwana wa sukulu wokhala ndi foni ya intaneti akadatha kufufuza dzina la kampaniyo pa mphindi zochepa. Tsiku limenelo netiweki sidathawe.

Apa ndiye pali mtima wa dandaulo lathu. Makina onse owunika ayang'ana pansi, kwa mlimi wa matumba awiri. Palibe oyang'ana kumwamba, kwa osayina makontirakiti. Tidaziona mu 2013 pa nkhani ya Cashgate, pamene ndalama za boma zidabedwa kudzera mu kompyuta yomwe idaikidwa kuti iteteze ndalamazo. Kompyuta ili ngati galu: imauwa amene mbuye wake wailozera. Ngati boma likufunadi kuti makina athetse chinyengo pa feteleza, liyambe ndi kuika poyera maina a makampani onse opatsidwa ntchito, eni ake, matani amene alonjeza, mtengo wake, ndi tsiku limene katundu wafika pa depoti iliyonse. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu September 2020. Si la atolankhani okha ayi. Kalabu ya alimi ili ndi ufulu wolemba kalata kufunsa zimenezi, ndipo ofesi ya boma ili ndi udindo woyankha.

Sikelo ndi mtengo

Tibwerere ku Area 2. Chaka chilichonse unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi. Mu 2023 chimanga chidaikidwa pa K500 pa kilogalamu, mu 2024 pa K650. Mitengoyi imaulutsidwa pa wailesi, imalembedwa m'nyuzipepala, imazungulira pa WhatsApp. Koma mtengo wa pa wailesi sugula mbewu. Umafunika wogula woima pamsika ndi ndalama m'manja.

Kale ntchito imeneyi idali ya ADMARC, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1971 ndipo lidali ndi misika mpaka kumidzi yakutali. Zaka zambiri zapitazi ndalama zogulira mbewu zakhala zikulifika mochedwa, mavenda atasesa kale m'midzi. Mu 2022 boma lidalitseka kwa kanthawi n'kutumiza kunyumba ogwira ntchito zikwizikwi. Pamene palibe wogula wa boma pa nthawi yokolola, mtengo weniweni amaunena ndi mwini sikelo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti sikelo ikudya makilogalamu atatu pa thumba lililonse. Pa mtengo wa K650, thumba limodzi mwataya K1,950. Mukagulitsa matumba 20, mwataya K39,000, kuposa mtengo wa matumba awiri a feteleza wotsika mtengo wa chaka chimenecho. Ndiye kuti zimene boma lakupatsani pa zenera mutagona panja masiku atatu, sikelo yakulandani pa mphindi khumi. Nanga amene amagula ndi ndowa yotambasula pamoto kapena chigoba chokhoma pansi, amadya zochuluka bwanji?

Kumbali inayo, ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Feteleza, mafuta ndi mankhwala zonse timaitanitsa kunja, choncho mitengo idalumpha. Pofika dzinja la 2024/25 thumba la feteleza m'masitolo lidali cha m'ma K100,000 ndi kupitirira. Thumba la chimanga pa mtengo wa boma wa 2024 lidali K32,500. Mlimi wosalowa pa mndandanda, ndipo amenewa ndiye ambiri, ankayenera kugulitsa matumba atatu a chimanga ndi kuwonjezerapo kuti agule thumba limodzi la feteleza. Zonsezi zidachitika titangotuluka mu namondwe wa Freddy wa March 2023, n'kulowa m'chilala cha 2024 chomwe chidachititsa boma kulengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28.

Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a sikelo yakuba si achilendo. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards lili ndi udindo woyeza masikelo a malonda ndi kuika chizindikiro pa amene ali olondola. Sikelo ya manambala yomwe aliyense angawerenge ikugulitsidwa m'masitolo a ku Area 2 komweko. Dziko lomwe lidakwanitsa kujambula nzika mamiliyoni ndi kuzipatsa ziphaso m'chaka chimodzi silingalephere kuika sikelo imodzi yolondola pa msika uliwonse waukulu. Sichikusowa ndi nzeru kapena makina. Chikusowa ndi chidwi, chifukwa woberedwayo ndi mlimi.

Mlangizi wa m'foni

Chatsopano china chomwe chafika ndi mlangizi wa m'foni. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayamba kuyesa pulogalamu yotchedwa Ulangizi m'midzi ina ya ku Lilongwe. Imagwira ntchito pa WhatsApp. Munthu amalemba funso, kapena kulankhula, kapena kujambula tsamba lodwala, ndipo kompyuta imayankha m'Chichewa kapena m'Chingerezi potengera buku la malangizo a ulimi la unduna wa zamalimidwe. Poti alimi ambiri alibe foni zotere, pamakhala munthu mmodzi wokhala ndi foni amene amathandiza gulu.

Chinthuchi n'chabwino ndipo sitichinyoza. Tikukumbuka pamene mbozi zachilendo za ntchemberezandonda zidalowa m'minda yathu cha m'ma 2017, alimi ambiri adathira chilichonse chimene adamva kwa mnzawo, ena mpaka sopo wochapira, chifukwa panalibe wowauza msanga chochita. Yankho lolondola lofika tsiku lomwelo lingapulumutse munda.

Koma tichenjere ndi anthu amene adzatiuze kuti poti foni ikuyankha, alangizi sakufunikanso. Lero mlangizi mmodzi akuyang'anira mabanja oposa chikwi, malo ena kuposa pamenepo kutalitali, kawirikawiri pa njinga yakapalasa, nyumba yake ikudontha. Achinyamata omaliza maphunziro a ulimi ku Bunda ndi ku NRC ali m'tauni kugulitsa mayunitsi, pamene magawo ambiri kumudzi alibe mlangizi. Foni singafukule nthaka n'kuona kuti pansi pauma ngati konkire chifukwa cha khasu la zaka makumi atatu. Singaitanitse msonkhano wa mudzi kuti anthu agwirizane zokonza migula ndi akalozera pa phiri lonse. Singakhale pansi ndi banja n'kuthandiza kuti mayi akhale ndi mawu pa ndalama za mtedza umene walima yekha. Ndipo foni zamakono zikapezeka pakhomo, nthawi zambiri zimakhala m'thumba la bambo kapena la mnyamata, pamene khasu lili m'manja mwa mayi.

Palinso funso limene sitidayambe kufunsa mokwanira. Maina athu, kukula kwa minda yathu, mbewu zimene timalima ndi manambala a foni zathu akulembedwa ndi mabungwe osiyanasiyana. Kodi zimenezi zikusungidwa kuti, ndipo ndani akuziwerenga? Wogula amene akudziwa kuti dera lakuti lakolola soya wambiri ndipo alimi ake ali ndi ngongole, amafika ndi mtengo wake wokonzeratu. Wandale amene ali ndi mndandanda wa opindula amadziwa khomo loti akaopseze. Aliyense wobwera ndi foni kudzatilemba ayenera kutiuza kuti akulembera yani.

Tidziyang'anenso tokha

Wakutsina khutu ndi mnansi. Sitingaloze chala ku Capital Hill kokha ngati kuti ife tilibe banga. Ndani amapereka chiphaso chake kwa venda kuti akagulire feteleza wotsika mtengo, posinthana ndi ndalama zongokwana ndiwo za sabata imodzi? Ndi ife. Tikudziwa kuti njala ya mu December siseka ndi munthu, koma feteleza yemweyo timakamupeza m'misika atapakidwa m'timapepala, tikumugula pa mtengo wowirikiza. Ndani amagulitsa chimanga chili m'munda, kapena kukongola thumba limodzi mu January kuti adzabweze atatu mu May? Ndi ife. Ndani amathira mchenga mu soya, kapena kuwaza madzi mtedza kuti ulemere? Alipo pakati pathu, ndipo ndi amene amapatsa wogula chifukwa chonenera kuti nayenso akudziteteza ndi sikelo yake. Kuwonjezera apo, mtedza wonyowa umachita chuku, ndipo chuku ndicho chidatitsekera misika yabwino ya kunja.

Ndipo ndani amavina pa msonkhano wa ndale akamva mtengo wa thumba la feteleza, osafunsa kuti mabanja angati adzalandira, ndalama zidzachokera kuti, nanga msika wa zokolola uli kuti? Kuyambira 2005 feteleza wakhala ndiwo ya kampeni iliyonse. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti, koma lonjezo la feteleza wotchipa lakhala likugula mavoti athu mwaulemu. Zaka zambiri ndondomeko imeneyi yakhala ikudya gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zamalimidwe, n'kusiya zochepa za ulangizi, kafukufuku wa ku Chitedze, ulimi wothirira ndi madipi a ziweto. Nthaka nayo yatopa. Thumba lomwelo lomwe linkadzaza ngolo zaka zapitazo, lero likubereka zochepa, chifukwa munda wa chimanga chokhachokha chaka ndi chaka, wopanda manyowa, wopanda mapesi, wopanda nandolo kapena mtedza wosinthana nacho, sumva feteleza.

Sitikunena kuti feteleza wotsika mtengo athetsedwe. Mabanja ambiri popanda iyeyu sakolola. Tikunena kuti tisalole kuti ulimi wonse wa dziko lino ukhale nkhani ya matumba awiri.

Zimene tikupempha

Kwa boma ndi Nyumba ya Malamulo tikupempha izi.

Choyamba, mndandanda wa opindula uzisindikizidwa pa pepala ndi kumatidwa pa ofesi ya zaulimi ya dera, pa sukulu ndi kwa gulupu, mvula isanayandikire, kuti wosowa dzina akhale ndi nthawi yodandaula. Pakhale munthu wodziwika ndi dzina pa boma lililonse wolandira madandaulo, ndi masiku owerengeka oti ayankhe.

Chachiwiri, pa malo aliwonse ogulitsira pakhale buku la pepala loti ligwire ntchito netiweki ikathawa, mlimi asayine kapena kudinda chala pamaso pa komiti ya alimi, makina adzalembe pambuyo. Mlimi aliyense azilandira lisiti.

Chachitatu, feteleza azikhala atafika m'madera mwezi wa October usanathe, ndipo makontirakiti onse aziikidwa poyera ndalama zisanatuluke.

Chachinayi, mitengo yoyambira izilengezedwa pamodzi ndi ndalama zogulira mbewu ndiponso tsiku lotsegulira misika. Mtengo wopanda wogula ndi nyimbo chabe.

Chachisanu, bungwe loona za miyezo pamodzi ndi makhonsolo aike sikelo yovomerezeka pa misika ikuluikulu ya zokolola, kuyambira ku Area 2 mpaka ku Mitundu, Nsundwe ndi Nathenje, yoti mlimi aziyezapo asanakumane ndi wogula. Wopezeka ndi sikelo yakuba alandidwe chiphaso cha malonda, osati kungomulanda sikelo kuti mawa agule ina.

Chachisanu ndi chimodzi, boma lilembe alangizi m'magawo onse opanda anthu, liwapatse njinga zamoto ndi mafoni. Foni ikhale chida cha mlangizi monga khasu lili chida cha mlimi, osati mlowam'malo wake.

Zimene tingachite tokha

Zina sizifuna chilolezo cha nduna. Kalabu iliyonse isonkhe ndalama igule sikelo yakeyake ndi kukaiyezetsa. Thumba lisachoke m'mudzi lisanayezedwe ndi kulembedwa m'buku. Tizigulitsa pamodzi: wogula amene amanyoza mayi wa matumba asanu amavula chipewa akamva za matumba 500, ndipo amabwera yekha ndi lole yake. Foni imodzi ya kalabu, yosungidwa ndi mlembi, izigwira ntchito yofunsa mitengo ku Lilongwe, ku Mchinji ndi ku Blantyre tisanavomere mtengo wa munthu woyamba kufika. Magulu omwe ali ndi mbewu zambiri afunse za nkhokwe zopereka malisiti, monga za bungwe la ACE, momwe mlimi amasungitsa mbewu n'kudikira kuti mtengo ukwere.

Tisunge chakudya chokwanira banja tisanagulitse, m'matumba osalowa mpweya ngati tingathe, kuti tisadzagule chimanga chathu chomwe mu February pa mtengo wowirikiza katatu. Tipange manyowa a Mbeya: feteleza pang'ono, gaga, phulusa, ndowe za ziweto ndi madzi, kusakaniza bwino ndi kutsekera m'thumba la pulasitiki masiku 21. Tibzale nandolo, soya ndi mtedza mosinthana ndi chimanga. Ndipo tipangane m'makalabu kuti chiphaso cha membala sichigulitsidwa. Amene wapanikizika ndi njala abwere ku gulu, banki mkhonde imuthandize, kusiyana n'kuti apereke dzinja lake lonse kwa venda.

Pomaliza, tiitane aphungu ndi makhansala athu ku misonkhano ya makalabu, osati kudzatigawira nsalu, koma kudzayankha mfundo zisanu ndi imodzi zili pamwambazi. Mlembi alembe zimene ayankha, tsiku ndi malo, ndipo tidzawawerengere akadzabweranso.

Mayi uja wa matumba asanu adabwerera kumudzi ndi uthenga wa ndalama pa foni ndi chisoni mumtima. Pa msonkhano wotsatira adaimirira n'kufotokoza zonse, ndipo kalabu yake idagwirizana kuti chaka chino palibe membala adzakwere yekha galimoto ya ku Area 2 ndi katundu. Adzasonkhanitsa, adzayeza, adzaimba foni, ndipo wogula adzawapeza pakhomo pa nyumba yosungiramo mbewu, sikelo ya kalabu itapachikidwa kale.

Alimi anzathu, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amasayina mapepala ku Capital Hill sadagonepo pa mzere wa feteleza, ndipo sadzaona msanga kufunika kwa zimene tikunenazi ngati ife tikhala chete. Kambiranani nkhaniyi pa msonkhano wa kalabu yanu mwezi uno, lembani zimene mwakumana nazo pa zenera ndi pa sikelo, ndipo mutumize kwa atsogoleri a bungwe m'boma lanu kuti tikazitule pamodzi kwa oyenera kuzimva.